Mbale za M'sutikesi ya Mtchona

Mwana wa lero akamanena kuti woyimba wakutiwakuti watulutsa chimbale, sadziwa kuti akutchula chinthu chimene agogo ake ankachinyamula ndi manja awiri ngati dzira. Chimbale idali mbale yeniyeni: yakuda, yozungulira, ya kabowo pakati, yokhala ndi timizere momwe singano inkayenda. Ine ndidazipeza mbale 23 zotere ku Migowi, pansi pa sutikesi ya chitsulo ya malemu amalume anga. Kuyambira tsiku limenelo anyamata angapo akhala akundifunsa momwe munthu angayambire kutolera mbale za galamafoni. Ndimawauza kuti ayambe adziwa njira imene mbalezo zidadzera.

Zidabwera ndi matchona. Alomwe ambiri adalowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique kuyambira m'zaka za m'ma 1890, nagwira thangata m'minda ya azungu ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ana awo adapitirira ulendo, ena ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ena ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Wobwerako ankayesedwa ndi katundu wake: njinga, jekete, bulangete, ndipo amene adasunga ndalama mwanzeru ankatsitsanso galamafoni yopukusa ndi dzanja. Madzulo mudzi wonse unkasonkhana pakhonde, ana n'kumasuzumira m'bokosimo kufuna kuona tianthu toyimbato.

Mbale zoyambirirazo zidali zolemera, zozungulira maulendo 78 pa mphindi, ndipo mbali imodzi inkatha m'mphindi zitatu zokha. Zidapangidwa ndi shellac, utomoni wochokera ku tizilombo ta ku India ndi maiko oyandikana nawo, n'chifukwa chake ikagwa pansi imasweka ngati mbale yadothi. Za pulasitiki wotchedwa vinyl zidadza pambuyo: kampani ya Columbia idatulutsa zazikulu za 33 mu 1948, ndipo RCA Victor idatulutsa zazing'ono za 45 mu 1949. Kusiyana kumeneku woyamba kumene asakutenge mopepuka. Singano yachitsulo ya galamafoni yopukusa imalima mbale ya vinyl ngati khasu, kamodzi kokha basi mbale yatha. Nayonso singano yopyapyala ya makina a magetsi siigwirizana ndi mizere yotakata ya 78. Ndipo musayerekeze kupukuta shellac ndi sipiriti, imasungunuka.

Mukawerenga mapepala a pakati pa mbale za amalume, mukuwerenga ulendo wawo. Pali Gallotone ndi Troubadour za ku Johannesburg. Pali kwela wa Spokes Mashiyane wa m'ma 1950, simanjemanje wa Mahlathini ndi Mahotella Queens wa m'ma 1960, ndiponso Jim Reeves, amene Amalawi tidamukonda mosadziwika bwino chifukwa chake. Za m'ma 1970 ndi timbale ta 45 ta ku Kenya, tambiri tolembedwa dzina la Oluoch Kanindo, mwini kampani amene dzina lake lidasanduka dzina la chamba chonsecho kuno ndi ku Zimbabwe. Pamenepo n'kuti galamafoni yopukusa italowedwa m'malo ndi gumbagumba wa mabatire, amene ankakometsa maukwati ndi malo a mowa m'midzi ya pansi pa Michesi, kumene magetsi kudalibe.

Mu April 1974 ndege yonyamula anthu a Wenela idagwa ku Francistown, ku Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 adafera pomwepo. Dr Kamuzu Banda adaletsa zolemba anthu ntchito za kumigodi. Njira idatsekukanso mu 1977 pansi pa TEBA, koma opita adali ochepa, mpaka idatsekekeratu mu 1988. Mbale ya amalume yomalizira ndi ya 1974.

Chimene chidandiwawa m'sutikesi muja n'chakuti mwa mbale 23, ya Mmalawi mudalibe ngakhale imodzi. Oyimba tidali nawo. A Paseli Brothers adayimba za napolo amene adasakaza Zomba mu 1946, nyimbo imene mpaka lero imadziwika ndi dzina lomwelo la Napolo. Koma wofuna kuti mawu ake alowe m'mbale ankayenera kupita kunja, kapena kudikira mlendo wa makina. Mmodzi mwa alendowo adali Hugh Tracey, amene adayenda m'Nyasaland mu 1950, 1957 ndi 1958 akujambula nyimbo za m'midzi. Zimene adatola zikusungidwa ku International Library of African Music, imene adaikhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ili ku Rhodes University, mumzinda wa Makhanda. Winanso ndi Gerhard Kubik wa ku Austria, amene adakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba ku Blantyre mu 1967, ndipo nyimbo zawo zidakatulukira pa mbale ku Ulaya. Titalandira ufulu kudabadwa Nzeru Record Company chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, koma sidakhalitse; kumayambiriro kwa m'ma 1970 idali itagwa. Mbale ya Nzeru mukaipeza, ngakhale yokandika, musaigulitse msanga kwa munthu wobwera ndi mawu okoma.

Oyimba ambiri ankangojambulitsa ku MBC, nyimbo n'kutsala pa matepi a wailesiyo. Allan Namoko wa ku Thyolo, katswiri wosaona wa banjo amene ankayimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe ndi gulu lake la Chimvu River, anthu a ku Phalombe adamumvera pa wailesi. Nyimbo zake zidafika kunja m'zaka za m'ma 1990 kudzera ku Pamtondo ya Dr John Lwanda, nthawi ya mbale zakuda itadutsa kale. Namoko adamwalira mu 1995. Nanga tchopa, gule wathu amene UNESCO idamuzindikira mu 2014? Ameneyo amakhala m'miyendo ya anthu, m'sutikesi simungamupeze.

Makaseti atafala m'ma 1980, mbale zidasanduka zidole. Ife tomwe tili ana tinkaziponya m'mwamba kuti tione iuluka patali ya ndani, zina amayi ankavundikirira mtsuko. Zotsala zidakumana ndi madzi. Mu March 1991, Phalombe akadali mbali ya boma la Mulanje, napolo adatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi, anthu mazanamazana natisiya. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adabwerezanso. Pamene anthu akulira abale awo palibe amene angawerenge mbale zotayika, ndipo n'zoyenera kutero. Komabe zikutanthauza kuti mbale iliyonse imene yapulumuka m'boma lino yadutsa pa zambiri.

Tsono kwa oyamba kumene, musathamangire kugula makina. Pitani kaye kwa agogo, kwa azakhali, kwa amasiye a anthu a ku Wenela, mupemphe mwaulemu kuti akutsekulireni masutikesi. Funsani amene adagula mbaleyo, kuti, chaka chanji, idavinidwa pa ukwati wa yani, ndipo mulembe m'kope. Mbale igwireni m'mphepete. Itsukeni ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa motsata mizere, osanyowetsa pepala la pakati, pakuti pamenepo ndi pamene pali dzina la woyimba ndi nambala yake. Ziimikeni chilili monga mabuku, kutali ndi dzuwa ndi denga la malata, chifukwa kutentha kwa mwezi wa October m'chigwa cha Phalombe kumapinda vinyl ngati chikopa chouma. Makina akale amapezeka, koma kawirikawiri lamba amakhala atatha ndipo singano idabuntha. Singano yobuntha imawononga kuposa fumbi.

Ine zidanditengera miyezi isanu kuti ndipeze singano, mpaka mnzanga wina adachita kundibweretsera kuchokera ku Joni. Tsiku loyamba kuliza ndidaitana azakhali, akazi a malemuwo. Ndidaika ka 45 ka Mahotella Queens, kokandika moti singano inkalumpha pa malo amodzimodzi. Ndidafuna kukachotsa, koma iwo adandigwira mkono.

"Kasiyeni, bambo. Pamenepo mpamene amalume anu adakagwetsera tsiku la chinkhoswe chathu."