Chembe: Mudzi wa Asodzi Umene Unasanduka Malo a Alendo

Mudzi wa Chembe uli m'boma la Mangochi, kumapeto kwa ndomo ya Nankumba, pagombe la nyanja ya Malawi. Alendo amaudziwa ndi dzina lakuti Cape Maclear, limene David Livingstone anapatsa malowa polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Kwa eni mudzi, chuma chinali m'madzi kuyambira kalekale: usipa, utaka, chambo ndi kampango.

Alendo oyamba kukhazikika pamalowa anali amishoni a ku Scotland. Anafika mu Okutobala 1875 pa sitima ya Ilala, motsogozedwa ndi Edward Young, ndipo m'gululi munali Dr Robert Laws. Mfumu Mponda itawalola, anamanga mishoni ya Livingstonia. Malungo anawasautsa kwambiri, anzawo ena n'kumwalira, mpaka mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Anasiya manda, amene lero ndi amodzi mwa malo amene alendo amakaona.

Ntchito yokopa alendo inayesedwa koyamba m'nthawi ya atsamunda. Mu 1949 ndege za kampani ya BOAC zotera pamadzi, zochokera ku Southampton kupita ku Johannesburg, zinayamba kuima pa Cape Maclear, apaulendo n'kumagona muhotela ya pagombepo. Ulendowu unathetsedwa mu 1950 ndipo hotelayo sinachedwe kutsekedwa. Inkadalira ndege zokha, choncho ndege zitaleka, m'mudzi simunatsale phindu lililonse looneka.

Kusintha kwenikweni kunadza mu 1980 pamene boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park pofuna kuteteza nsomba, makamaka mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, timene mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse padziko. Mu 1984 bungwe la UNESCO linaika pakiyi m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Anthu a ku Chembe ndi a midzi ina monga Msaka sanasamutsidwe, koma anazingidwa ndi paki. Kuponya ukonde pamtunda wosakwana mamita 100 kuchokera kugombe la paki kunaletsedwa, ndipo amayi otola nkhuni m'phiri anayenera kukhala ndi chilolezo. Malamulowa sanalandiridwe ndi manja awiri, popeza anakhudza ndiwo ndi moto wa pakhomo.

M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, achinyamata a kunja oyenda ndi zikwama kumsana anachuluka. Anthu a m'mudzi anatsegula nyumba zogona alendo ndi malesitilanti, ena anayamba kusema ziboliboli, ena kuperekeza alendo pamabwato. Woperekeza amapita nawo ku chilumba cha Thumbi, amaika buledi m'dzanja pansi pa madzi kuti mbuna ziunjikane, kenaka amaimba likhweru n'kuponya nsomba kuti nkhwazi itsike mumtengo idzaiwakhe. Pamenepa nsomba yamoyo inayamba kubweretsa ndalama tsiku ndi tsiku osaphedwa. Komabe panabweranso zovuta: ana ena ankathawa sukulu kukatsata alendo, ndipo mbiri ya likodzo m'madzi a pagombepo inachepetsa alendo kwa kanthawi.

Kuchokera m'zaka za m'ma 1990 kunabwera njira ina yosamala chilengedwe. Kampani ya Kayak Africa inamanga misasa pa zilumba za Mumbo ndi Domwe pogwiritsa ntchito matabwa, bango ndi udzu, mphamvu ya dzuwa, ndiponso antchito ochokera ku Chembe komweko. Alendo anabweretsanso thandizo lina: mu 2004 m'mudzi munatsegulidwa chipatala cha Billy Riordan, chimene anayambitsa mayi wa ku Ireland, Mags Riordan, pokumbukira mwana wake amene anamira m'nyanja pamalopo mu 1999.

Lero ntchito ziwirizi, usodzi ndi kukopa alendo, zimayendera limodzi pagombe limodzi. Pafupi ndi malo ogona alendo pali mathandala oyanikapo usipa, ndipo usiku nyali za asodzi a chilimira zimandandalika panyanja. Usodzi udakali msana wa mudziwu, pamene ndalama za alendo zimakwera ndi kutsika, monga zinaonekera nthawi ya Covid-19 mu 2020 pamene malo ambiri ogona anakhala opanda anthu. Ntchito yokopa alendo yakhazikika kumene eni mudzi ali ndi gawo, ngati operekeza, ophika, oyendetsa mabwato kapena eni malo, chifukwa amene amapeza chakudya kudzera mwa mbuna ndiye amakhala woyamba kuziteteza.