Tulo ta Mwana Tinali M'manja mwa Agogo

Anzanga a m'gulu lino, mukamva dzina loti Nzama ambiri mumakumbukira ansembe a Montfort omwe anafika kuno mu 1901, m'dera la mfumu Njobvuyalema. Ine sabata ino ndabwera ndi mbiri ina ya kwathu konkuno, ya momwe ana ankagonera.

M'zaka za m'ma 1930, mayi wina wa ku England, Margaret Read, anakhala pakati pa Angoni, kuphatikizapo a kwa Gomani kuno ku Ntcheu. M'buku lake la mu 1959, Children of Their Fathers, anafotokoza kuti mwana akasiyitsidwa kuyamwa, agogo ake akuchimuna ankamutenga n'kumagona naye m'nyumba mwawo. Mnyamata mano aubwana akaguluka ankasamukira ku laweni, komwe ife timati kumphala.

Taganizani bwino pamenepa. Kaya mayi ali kumaliro, kaya alawirira kudimba, mwana ankagona pamphasa yomweyo, nthawi yomweyo. Kukada nsima, nthano pang'ono, basi tulo. Sindikunena kuti kale kunali kokoma kokhakokha ayi. Malungo, njala ndi nsikidzi zinkawadzutsanso ana usiku. Komabe panali munthu mmodzi amene ntchito yake inali kulondera tulo ta mwana.

Lero ntchito imeneyi ilibe mwini. Ine ndimagulitsa mbatatesi ndi kabichi. Tsiku lopita kumsika wa Lizulu ndinkadzutsa mwana wanga wazaka zitatu 3 koloko m'bandakucha, chonsecho wagona cha m'ma 10 atagwira foni yanga ine ndikuwerengera ndalama. Posakhalitsa anayamba kuluma anzake kumkombaphala ndi kudzigwetsa pansi pamaso pa makasitomala. Ndinkamukwapula, ndisaname. Ena ankati watengera mtima wa bambo ake.

Apongozi anga sanalankhule zambiri. Anangoti, "Amake mwana, mdzukulu wangayu azigona kwa ine." Patadutsa milungu ingapo, kuluma kuja kunatha. Makani alipobe, poti ndi mwana, koma sitichitanso manyazi pamsika.

Nkhani yake ndi iyi: wamkulu akasowa tulo amaodzera, pomwe mwana nthawi zambiri amachita phuma, sakhazikika ndipo sachedwa kulusa, chifukwa ubongo wotopa umalephera kubweza mkwiyo. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mwana wazaka 3 mpaka 4 azigona maola 10 mpaka 13 patsiku, ndipo wachaka chimodzi mpaka ziwiri maola 11 mpaka 14. Wanga uja masiku amsika ankagona asanu okha.

Ambiri a inu muli m'tauni, agogo ali kutali. Ndiye musanathyole kamtengo kokwapulira mwana wovuta, yambani mwadzifunsa kuti dzulo anagona nthawi yanji, nanga anamudzutsa ndani. Kwanuko ana ankagona kuti? Tiuzeni.