Mtengo wonyamula asilikali pa ndege: phunziro la Zimbabwe ku Congo

HARARE - Mu Ogasiti 1998 dziko la Zimbabwe lidatumiza asilikali ku Kinshasa kukathandiza boma la Laurent Kabila, lomwe zigawenga zidatsala pang'ono kuligwetsa. Mtunda wochoka ku Harare kukafika mumzindawu ndi makilomita pafupifupi 2,300, ndipo njira yachangu idali ya mumlengalenga yokha.

Ndege zonyamula katundu zomwe gulu lankhondo la mumlengalenga lidali nazo pa bwalo la Manyame zidali zazing'ono. Ya mtundu wa CASA C-212 imanyamula matani osakwana atatu, ndipo siingafike ku Kinshasa osatera panjira kuti imwe mafuta. N'chifukwa chake boma lidachita kubwereka ndege zikuluzikulu, kuphatikizapo za mtundu wa Ilyushin Il-76.

Akatswiri poyerekeza ndege zotere amawerenga mafuta omwe amapsa kuti tani imodzi ya katundu iyende kilomita imodzi. Il-76 imasenza matani 40 kapena kuposerapo, koma mainjini ake anayi amatentha matani pafupifupi 8 a mafuta pa ola. Ulendo wa ku Kinshasa ndi wa maola atatu, kotero kupita ndi kubwera kumadya matani oyandikira 50. C-130 Hercules ya ku Amereka imatentha matani osakwana atatu pa ola, koma imanyamula matani 20 okha ndipo imayenda pang'onopang'ono. Ndege ikabwerera yopanda katundu, mtengo wa tani iliyonse umakwera kwambiri. Pamwamba pa mafuta pali ndalama zobwerekera ndege, inshuwalansi ndi zipangizo zokonzera, ndipo zambiri mwa izi zimalipiridwa ndi ndalama zakunja.

Asilikali a Zimbabwe ku Congo adafika pafupifupi 11,000, ndipo onsewa ankafunika chakudya, zida ndi mankhwala. Mu Ogasiti 2000 nduna ya zachuma Simba Makoni idauza nyumba ya malamulo kuti nkhondoyi idali itadya ndalama zokwana madola a ku Amereka pafupifupi 200 miliyoni.

Kumudzi zinthu zidali zitathina kale. Mu Novembala 1998 anthu adachita zipolowe ku Harare ndi ku Chitungwiza mitengo ya mafuta itakwera. Pofika kumapeto kwa 1999 kampani ya boma yoitanitsa mafuta ya NOCZIM idali itamira m'ngongole, ndalama zakunja zidasowa, ndipo mizere ya magalimoto idatalika m'malo omwetsera mafuta. Anthu a ku Highfield, Glen Norah ndi Mufakose, komwe kulinso mabanja ambiri ochokera ku Malawi, ankadikira minibasi nthawi yaitali, ena n'kumayenda wapansi popita kuntchito. Akatswiri a zachuma amatchula nkhondo ya ku Congo ngati chimodzi mwa zinthu zomwe zidakulitsa vutoli. Asilikaliwo adabwerera kwawo mu 2002.

Funso la mayendedwe lidabukanso mu 2025, pomwe asilikali a SADC ochokera ku Malawi, South Africa ndi Tanzania ankachoka ku Goma. Zida zawo zolemera zidatuluka pamsewu, kudzera ku Rwanda mpaka ku Tanzania.