Dzina la Phiri m'Mabuku Akale a ku Katete

Munthu akaima pa msika wa Katete, pa Sinda kapena ku Vubwi, naitana kuti "A Phiri!", oceuka sakhala mmodzi. Dzinali ndi la pfuko lalikulu la Acewa, pfuko la Kalonga ndi Undi. Masiku ano ana ambiri obadwira ku Lusaka ndi ku migodi afuna kudziwa makolo ao, ndipo ayambira ku mabuku, poyesa kuti pali ponse palembedwa Phiri pali mbale wao. Mabukuwo alipodi, koma wowawerenga wosadziwa mwambo wa Acewa asocera msanga.

Mbiri yoyamba ya Aphiri siinalembedwe, inasungidwa pakamwa. Akulu asimba kuti Undi anapatukana ndi Kalonga kufupi ndi nyanja ya Malawi, napita kumadzulo kukamanga ku Mano, m'dziko limene lero liri m'Mozambique. Pocoka anatenga Nyangu, mai wa mafumu, pamodzi ndi akazi a banja lacifumu. Mau amenewa ali ndi phunziro lalikulu, pakuti kwa Acewa ufumu ndi mbumba zitsata mai. Wolowa m'malo mwa mfumu ndi mphwake kapena mwana wa mlongo wake, osati mwana wake wobala iye mwini.

Oyamba kulemba za dziko lino anali Apwitikizi ocokera ku Tete. Lacerda anapita kwa Kazembe m'caka ca 1798, ndipo Monteiro ndi Gamitto anayenda ulendo wonga womwewo mu 1831. Gamitto, m'buku lake losindikizidwa mu 1854, anachula mfumu yaikulu ya Amaravi kuti "Unde". Apa ndipo pali msampha woyamba. Mcewa akalowa ufumu alowanso dzina, ndi cibale comwe ca womwalirayo, kotero kuti akazi amene uja anali kuwaitana alongo, iyenso awaitana alongo. Cotero Undi wa Gamitto si Undi amene anacoka ku dziko la Apwitikizi mu 1935 kudzakhala ku Northern Rhodesia. Momwemonso nyakwawa ya pamudzi: dzina limodzi looneka m'mabuku zaka makumi asanu ndi limodzi lingathe kukhala la amuna atatu otsatana.

Msampha waciwiri unadza ndi Angoni ndi Boma. Angoni a Mpezeni, amene anagwira Acewa ambiri nakhala nao m'midzi yao, atsata atate, ndipo akatswiri ena ati Acewa a kuno anatengera kwa iwo cizolowezi cochula mwana ndi mfunda wa atate wake. Azungu atagonjetsa Mpezeni mu 1898, msonkho unayamba, ndipo makalaliki a Boma analemba amuna mudzi ndi mudzi. Sukulu, citupa ndi makalata a nchito ku Southern Rhodesia zonse zinafunsa dzina la atate. Tsono m'buku mwana aoneka Phiri cifukwa ca atate wake, pamene munda, maliro ndi milandu yake ziri m'manja mwa atsibweni ake, amene kapena ndi a Banda kapena a Mbewe. Buku litsata njira imodzi, mbumba itsata yina.

Midzi nayo siinakhale malo amodzi. Malire a 1891 pakati pa Angelezi ndi Apwitikizi anadula dziko la Undi pakati. Kampani ya North Charterland inatenga dziko lalikulu, anthu napanikizidwa m'malo ocepa, kufikira Boma linagula dzikolo mu 1941 ndi kusamutsira midzi yambiri kumeneko. Wofuna agogo ake ayenera kutsata dzina la nyakwawa ndi la mfumu, monga Kawaza, Mbang'ombe kapena Pembamoyo, pakuti mudzi usamuka ndi dzina lake. Adziwenso kuti maboma a Sinda ndi Vubwi anakhazikitsidwa mu 2012. Zakale za Sinda azifunefune pansi pa Petauke ndi Katete, za Vubwi pansi pa Chadiza, ndipo zakale koposa pansi pa Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero. Mabuku amene ma D.C. anali kulembamo za mafumu ndi midzi asungidwa ku National Archives ku Lusaka.

Mabuku a mishoni ndiwo afika pafupi ndi munthu wamba. A Dutch Reformed anatsegula Magwero mu 1899 ndi Nyanje mu 1905, ndipo Akatolika anamanga ku Chassa ndi ku Vubwi. M'mabuku a ubatizo ndi a ukwati mupezeka caka, mudzi, ndipo kawirikawiri maina a makolo onse awiri. Dzina la mai lolembedwa m'menemo ndi la mtengo wapatali, cifukwa ndilo khomo lolowera ku mbumba. Koma pa ubatizo anthu anali kulandira maina atsopano, kotero kuti munthu mmodzi angakhale ndi dzina la ubwana kumudzi, lina ku chalichi, linanso pa citupa.

Ophunzira ena analemba zimene akulu anawauza. J. P. Bruwer, wa mishoni ya Dutch, analongosola za unkhoswe. Max Marwick anakhala pakati pa anthu a Kawaza kuyambira 1946, nawerenga anthu a m'midzi ndi cibale cao. Harry Langworthy anatsiriza mbiri ya ufumu wa Undi mu 1969. Onsewa anadalira mau a nkhalamba, ndipo cimene analemba cinayamba camveka pabwalo.

Citsanzo coonekeratu ciri ku Mkaika komwe. Kalonga Gawa Undi amene analowa ufumu mu 2004 anali kudziwika kale ndi dzina la Frederick Daka. Wowerenga makalata okha akanati mwamuna uyu alibe gawo ndi Aphiri, koma mpando wa Undi sufunsa dzina la atate. Anthu zikwizikwi a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amene asonkhana pa Kulamba mwezi wa August adziwa kuti iye ndi mwana wa Nyangu.

Cotero wofuna mzera wa makolo ake ayambe ndi agogo akazi akali moyo. Afunse tsinde la mbumba yao, mabele amene anacokera mwa tsindelo, nkhoswe zakale, ndi dzina la mudzi usanasamuke. Atamva izi ndipo apite ku mishoni ndi ku Lusaka kukafuna zaka. Nkhani imeneyi si yongokondweretsa mtima, pakuti tsiku la kugawa munda kapena la kulonga nyakwawa, bwalo lidzafunsa kuti munthuyo anayamwa bele liti, ndipo kalata yolembedwa Phiri siidzamuyankhira.