Kunyenga Popanda Kunama: Mbiri ya Crossword Yophiphiritsa

Anzanga acinyamata, tayesani funso ili: "Ndiwo zimene mnyamata wabisa (5)". Nambala ili kumapetoyo ikukuuzani kuti yankho lili ndi zilembo 5. Kapena mwayamba kale kuganiza za mnyamata wankhuli amene watapa kapenta mumphika wa amai ake. Mlekeni, alibe mlandu. Yang'anani liu lakuti "mnyamata" palokha. Mukacotsa m wa kuciyambi ndi ta wa kumapeto, mutsala ndi NYAMA. Nyama ndi ndiwo, ndipo liu lakuti mnyamata laibisadi m'kati mwake. Funsoli lakusoceretsani, koma silinakunamizeni ngakhale pa liu limodzi.

Umu ndi m'mene imayendera crossword yophiphiritsa, imene mumaiona kumasamba a kumbuyo m'manyuzipepala ena a Cingerezi. Funso lililonse limakhala ndi mbali ziwiri: tanthauzo la yankho, ndi njira yobisika yomangira liulo ndi zilembo. Wolemba amaluka mbali ziwirizi kuti zimveke ngati ciganizo wamba cokamba za nkhani ina. Tsono munthu wopatsidwa ufulu wonyenga anzake ayenera kulekezera pati? Pa funso limeneli akatswiri a ku Britain akhala akukangana kwa zaka zambirimbiri.

Crossword yoyamba inatuluka pa 21 December 1913 m'nyuzipepala ya New York World ku America. Anaipanga ndi Arthur Wynne, mtolankhani wobadwira ku Liverpool. Mafunso ake anali osavuta: amakupatsani tanthauzo, inu mulemba liu m'timabokosi, kwatha. M'caka ca 1924 kampani ya Simon & Schuster inasindikiza buku la macrossword okhaokha, lomangiriridwa pensulo, ndipo anthu analilimbirana ngati cimanga pa nthawi ya njala. Nyuzipepala ya The Times ya ku London inaseka anthu a ku America kuti asanduka akapolo a masewera acabe. Koma pa 1 February 1930 The Times yomweyo inayamba kusindikiza crossword yake.

Masewerawa atafika ku Britain anasintha. Olemba a kumeneko anaona kuti kupereka tanthauzo cabe n'kozizira, motero anayamba kusakaniza zilembo, kubisa mau ndi kuseweretsa mau a matanthauzo awiri. Amene anatsogolera anali Edward Powys Mathers, wolemba ndakatulo ndiponso womasulira mabuku, amene analembera nyuzipepala ya The Observer kuyambira 1926. Iye anadzipatsa dzina lakuti Torquemada. Ili linali dzina la Tomás de Torquemada, amene mu 1483 anaikidwa kukhala mkulu wa bwalo la Inquisition ku Spain, bwalo lodziwika ndi kuzunza anthu powafunsa mafunso. Dzinalo linali nthabwala, koma linamuyenera. Mathers analibe malamulo. Funso lina linkakhala kandakatulo, lina linkafuna kuti mukumbukire mzere wa m'buku limene owerenga ambiri sanalionepo. Anthu anam'konda cifukwa ca nzeru zake, koma amene walephera analibe njira yodziwira ngati walephera cifukwa ca kucepa kwa nzeru zake kapena cifukwa funsolo linali lopanda khomo lolowera.

Inu mumalidziwa vuto limeneli. Madzulo wina akanena kuti "Cilape!" ena n'kuyankha kuti "Nacize!", onse amakhulupirira kuti cilapico cili ndi yankho limodzi lokwana bwino. Mukagonja, mwini wake n'kuulula, mumaomba m'manja kuti zoonadi, tinalephera bwanji? Koma yankho likakhala lokakamiza, mumacita phokoso kuti wakuberani. Kuipa kwa crossword ndi kwakuti wolembayo sali pamoto pomwepo kuti mum'funse. Muli nokha ndi pepala, ndiye cifukwa cake cilungamo ciyenera kukhala m'funso mwenimwenimo.

Woyamba kulemba lamulo la cilungamoco anali wansembe wa mpingo wa Angilikani, Alistair Ferguson Ritchie, mphunzitsi wamkulu pa Wells Cathedral School. Iye ankalembera magazini ya The Listener ndi dzina lakuti Afrit, locokera ku zilembo zoyamba za maina ake. M'buku lake la Armchair Crosswords la mu 1949 anafotokoza kuti wolemba ndi womasuka kuveka funso lake maonekedwe onyenga, koma mau akewo, mukawawerenga mwa njira yoyenera, ayenera kunena ndendende zimene wothetsa funsolo afunika kucita.

Amene analikulitsa lamuloli ndi Derrick Somerset Macnutt, mphunzitsi wa Cilatini ndi Cigiriki pa sukulu ya Christ's Hospital. Mathers atamwalira mu 1939, Macnutt ndiye anam'lowa m'malo pa The Observer, ndipo pambuyo pake anatenga dzina lakuti Ximenes, la mkulu winanso wa Inquisition. Buku lake la mu 1966, Ximenes on the Art of the Crossword, ndilo limene olemba ambiri analitenga ngati muyeso. Zitsanzo zake zinali za m'Cingerezi, koma mfundo zake tingazione bwino ndi mafunso a m'cinenero cathu.

Tengani ili: "Mbale yasweka, ika papepala (5)". Liu lakuti "yasweka" likukuuzani kuti muphwasule zilembo za "mbale" ndi kuzisanjanso. Mukatero mupeza LEMBA, ndipo kulemba ndiko kuika papepala. Zilembo zonse 5 zili pamaso panu. Ndi cimodzimodzi ndi ili: "Galu wapenga, lipira utenge (4)". Sokonezani zilembo za "galu", mupeza GULA. Tsopano tiyerekeze kuti wolemba wafuna kuonetsa kucenjera, ndipo walemba kuti "Codyeramo casweka, ika papepala (5)". Apa muyenera kuyamba mwalota liu limene iye akuliganiza. Kodi ndi mbale, cipinda, kapena lesitilanti? Mukalipeza, ndiye muyambenso kusakaniza zilembo zake. Ximenes anakana zimenezi. Zilembo zosakaniza ziyenera kuoneka m'funso momwemo, osati kukhala m'mutu mwa wolemba.

Anakananso mau opanda nchito. Funso lathu loyamba lija likanakoma kwambiri likanati "Ndiwo zimene mnyamata wa ku Katete wabisa dzulo". Koma kodi Katete akucitapo ciani? Nanga dzulo? Wothetsa adzataya theka la ola kufunafuna cinsinsi m'mau amene angoikidwapo kuti ciganizo cikongole.

Mfundo imene inavuta anthu kwambiri kuilandira ndi ya galamala. Onani funso ili: "Ine ndatembenuka, katundu ndi wao (3)". Mukawerenga "ine" cobwerera m'mbuyo mupeza ENI, ndipo eni ndiwo amene katundu ndi wao. Ambiri a inu munganene kuti funsoli lili bwino. Koma wotsata Ximenes angapukuse mutu. Cimene catembenuka si munthu wolankhulayo ai, koma liu lakuti "ine", ndipo liu silinganene kuti "ndatembenuka". Timati liu latembenuka. Motero ciganizoco ncolondola pamwamba pokha, koma m'kati, pamene pali malangizo enieni, galamala yake ndi yothyoka. Mankhwala ake ndi osavuta: lembani kuti "Ine potembenuka, katundu ndi wao". Liu lakuti "potembenuka" ligwirizana ndi munthu ndiponso ndi liu. Kusiyana kwake ndi kwa zilembo zocepa cabe, koma anthu ophunzira akhala akulemberana makalata aukali cifukwa ca tinthu totere.

Ximenes anaikanso malamulo pa timabokosi. Anafuna kuti kasanjidwe kake kakhale kofanana mbali ndi mbali, ndiponso kuti liu lililonse likhale ndi zilembo zokwanira zopingasana ndi mau ena, kuti amene walephera funso limodzi athandizidwe ndi mayankho amene wapeza kale.

Sanalamule ndi buku lokha. Ankacititsa mpikisano m'nyuzipepala: owerenga amene athetsa crossword yake ankapatsidwa liu limodzi kuti alilembere funso lao, iye n'kusankha opambana ndi kufotokoza zolakwa za ena monga mphunzitsi wocongera ana. Pakati pa opikisanawo panali Jeremy Morse, amene pambuyo pake anakhala wapampando wa Lloyds Bank, ndi Colin Dexter, amene analemba mabuku a wapolisi wofufuza milandu n'kum'patsa dzina lakuti Inspector Morse polemekeza mnzake wopikisana nayeyo. Macnutt anamwalira mu 1971, ndipo mu 1972 Jonathan Crowther anatenga malo ake ndi dzina lakuti Azed. Werengani dzinalo cobwerera m'mbuyo: mupeza Deza, mkulu winanso wa Inquisition. Crowther anafupikitsa ciphunzitso conse kukhala zinthu zitatu: funso labwino likhale ndi tanthauzo lolondola, njira yacilungamo yomangira liu, ndipo cacitatu, pasakhalenso cina ciliconse.

Mukanaganiza kuti nkhani yathera pamenepa. Koma munthu amene owerenga ambiri a ku Britain anam'konda koposa sanali wosunga malamulowa, ndipo nayenso anali wansembe wa Angilikani. John Galbraith Graham anayamba kulembera nyuzipepala ya The Guardian mu 1958, ndipo anadziwika ndi dzina lakuti Araucaria. Ili ndi dzina la mtengo wa ku Chile wa masamba olasa, umene Angerezi amati ngakhale pusi angasowe pokwerera. Araucaria ankasakaniza zilembo za ziganizo zazitali, ankaluka crossword yonse pa mutu umodzi, ndipo lamulo likam'pinga pa nthabwala yabwino, ankalilumpha.

Motero panabadwa magulu awiri. Otsata Ximenes anachedwa Ximeneans, ndipo enawo anachedwa Libertarians, kutanthauza okonda ufulu. Citsanzo cimene amakonda kukanganirana ndi dzina la tauni ya Gateshead, kumpoto kwa England. M'Cingerezi "head" ndi mutu, motero okonda ufulu amalola kuti dzinalo liimire cilembo ca G, ndiko kuti mutu wa "gates". A gulu la Ximenes amati ai, Gateshead ndi liu limodzi, ndipo palibe munthu amene amaliwerenga ngati mutu wa cinthu. Mukafuna G, nenani momveka, monga ife tinganenere kuti "mutu wa galu". Okonda ufulu amayankha kuti cilungamo sicikhala m'buku la malamulo koma pakati pa wolemba ndi owerenga ake: ngati anthu azolowera macenjera ake, apeza yankho ndipo aseka, ndani waberedwa?

Kunena zoona, yankho limeneli lili ndi mphamvu, koma ine ndiona kuti limakondera anthu akale m'masewerawa. Wozolowera adziwa kuti wolemba uyu amadula mau pakati. Nanga mtsikana amene wagwira crossword koyamba lero adziwa bwanji? Malamulo a Ximenes amateteza mlendo, cifukwa amam'tsimikizira kuti akadziwa cinenero ndi kuwerenga mosamala adzafika. Vuto lina ndi lakuti kulumpha malamulo kunam'yenera Araucaria cifukwa anali ndi khutu lodziwa pamene owerenga angam'tsate. Otsanzira opanda khutu limenelo amangolemba mafunso osalongosoka n'kumati ndi ufulu. Komanso tisanamizane: alipo mafunso osunga malamulo onse amene ndi ouma ngati nsima yagona. Ngati mufuna kuyamba kulembera anzanu a m'kalasi mafunso a m'Cinyanja, yambani ndi njira ya Ximenes. Cinenero cathu cili ndi mau ambiri a matanthauzo awiri okudikirani, monga ili: "Uli ndi nthambi, ndipo wogula amayamba waufunsa (6)". Limenelo ndakusiyirani.

Za kukhulupirirana pakati pa Araucaria ndi owerenga ake zinaoneka kumapeto a moyo wake. Mu December 2012, m'magazini ya 1 Across imene iye anaiyambitsa, anatulutsa crossword yokhala ndi uthenga pamwamba pake wonena kuti iye ali ndi cakuti, ca pa ciwalo cakuti, ndipo akulandira cithandizo cakuti. M'malo mwa mauwo anangoika manambala a mafunso. The Guardian inaisindikizanso mu January 2013. Anthu amene anali atalimbana naye kwa zaka zoposa 50 anakhala pansi ndi mapensulo ao, ndipo cilembo ndi cilembo anapeza kuti mkuluyo ali ndi khansa ya kum'mero, ndiponso kuti cithandizo cimene akulandira ndi congocepetsa ululu. Anapitiriza kulemba mafunso miyezi yotsatira, ndipo anamwalira pa 26 November 2013 ali ndi zaka 92.