Mphepo ya June ndi Cimbuya

M'caka ca 1935 Boma linasamutsa likulu la dziko kucoka ku Livingstone kudza ku Lusaka. Cifukwa cimodzi cinali nyengo. Livingstone ali kufupi ndi Zambezi, kotentha ndi kwa malungo. Lusaka ali pamtunda pozizira, pakati pa dziko. Mzinda utakula, Azungu anadzisankhira malo abwino monga Woodlands ndi Kabulonga, koma anchito akuda anapatsidwa tinyumba taudzu ku Kabwata.

Ufulu utadza m'caka ca 1964, ku Woodlands kunalowa anthu a mitundu yonse, yense ndi kunyadira kwao. Mbemba atama mvula yambiri ya kumpoto, Mlozi atama madzi osefukira ndi Kuomboka, Mtonga atama ng'ombe zace. Koma mphepo ya June ikaomba, onse aothera mbaula imodzi.

Pamenepo mudzamva Mbemba alikuseka wa kum'mawa kuti amadya mbewa, iyenso nabweza kuti mnzaceyo amadya anyani. Mlendo angayese ndeu, koma iai, ndico cimbuya. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'caka ca 1835, ndipo pambuyo pace anamenyana ndi Abemba. Nkhondo itatha, mikondo inasanduka nthabwala. Kufikira lero pa maliro a Mngoni, Abemba amadza kudzathandiza, namathira ofedwa ufa kuti awaseketse.

Komatu cenjerani, abale anga. Nthabwala yomweyo ikalowa m'kamwa mwa wandale pa nthawi ya masankho, isandukanso mkondo.