Malasha ndi nkhuni m'mbiri ya fodya wa ku Kasungu

Fodya wa fuluu sauma ndi mphepo m'chigafa ngati wa bale. Amapachikidwa m'balani ya njerwa, ndipo moto umayaka usana ndi usiku pafupifupi sabata yathunthu, kutentha kukuyenda m'mapaipi mpaka tsamba litachita chikasu. Wosonkhezera moto sagona tulo, poti moto ukazilala kapena kukula mopitirira, fodya yense wa m'balanimo amagwa mtengo ku okushoni.

M'zaka za m'ma 1970, ma esiteti atachuluka m'chigwa cha Kasungu kufikira madera akumpoto monga kwa Simlemba, moto umenewu unkadya mitengo yachilengedwe: mombo, tsamba, muwanga. Makampani a Press Farming ndi General Farming anali ndi minda ikuluikulu, ndipo bungwe la Kasungu Flue Cured Tobacco Authority linkaphunzitsa alimi achimalawi ulimi womwewu. Eni ma esiteti ankayenera kusiya gawo la malo awo kuti likhale la mitengo. Ena anadzaladi bulugama, koma nkhwangwa inkafulumira kuposa mbande.

Malasha oti alowe m'malo mwa nkhuni analipo m'dziko muno, kungoti anali kutali. Mgodi wa Kaziwiziwi ku Rumphi unatsegulidwa mu 1985, ndipo wa Mchenga, kufupi ndi Chiweta, unatsatira mu 1987. Malole a malasha amadutsa mu msewu wa M1, pa Jenda ndi pa Nkhamenya, kupita ku mafakitale a simenti, nsalu, mowa ndi okonza fodya. Mlimi wamba ankangowaona akudutsa. Mtengo wa malasha umakwera ndi mafuta a galimoto, pomwe nkhuni zinkangofuna ngolo ndi ng'ombe ziwiri.

Msika wa malasha umatsata mafakitale: chuma chikadzuka, zomangamanga zimachuluka, simenti imafunika, migodi nayo imatanganidwa. Ku Moatize m'chigawo cha Tete, kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011, ndipo njanji yonyamula malashawo imadutsa m'Malawi pa Nkaya kupita kudoko la Nacala. Ambiri mwa malasha amenewo amapita kunja kwa Afrika.